Chindapusa cha K2,000 chimene chinaulula zolakwika zinayi mu pulogalamu ya ngongole

Lipotili ndi la ntchito imene ndinagwira mu Ogasiti 2024 pa bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Mzuzu. Dzina la bungwelo sinditchula, ndipo mayina a matebulo ndi a ma variable ndawasintha kukhala a Chichewa kuti eniake asazindikirike. Ndikulembera anzanga amene amasamalira mapulogalamu ang'onoang'ono otere m'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu, kumene munthu mmodzi yemweyo ndiye amalemba code, kuyang'anira database ndi kukonza kompyuta ikavuta.

Mmene nkhani inayambira

Lolemba pa 5 Ogasiti a manijala anandiimbira foni m'mawa kuti ndifike ku ofesi. Nditafika ndinapeza mayi wina wa ku Chibavi atakhala pa benchi, atafunda chitenje chifukwa cha kuzizira, kabuku kawo ka ngongole kali m'manja. Mayiwa amaoda usipa ku Nkhata Bay n'kumagulitsa mumsika. Gawo lawo la mwezi linali K40,000. Mu Julayi analipira kawiri: K15,000 pa 12, kenako K25,000 pa 31 masana. Malisiti onse awiri anali nawo. Koma kompyuta inali itawalembera chindapusa cha K2,000 ngati munthu amene walephera kukwaniritsa gawo lake.

"Achimwene, ine za makompyuta sindidziwa," anatero, "koma onani nokha. Ndalama ndinapereka kwa asisiwa mwezi usanathe. Nanga chindapusachi n'cha chiyani?"

Asisi amene ankanenawo ndi mtsikana wolandira ndalama pa kauntala. Nkhope yake tsiku limenelo sindidzaiiwala, chifukwa dandauloli linabwera pa nthawi yoipa kwa iye. Kuyambira mu Epulo ndalama zolowa kuchokera ku zindapusa zinali zitatsika kwambiri, ndipo pa msonkhano wa komiti wa mu Juni ena anali atayamba kale kunong'ona kuti mwina mtsikanayu amakhululukira anzake, kapena amalandira ndalama pambali. Tsopano kunabweranso nkhani ya lisiti lolembedwa pa 31 pamene kompyuta ikuti ndalama sizinakwane. Kwa a komiti nkhani ziwirizi zinkaloza munthu mmodzi.

Ndinapempha a manijala kuti asaitanitse msonkhano wina kufikira nditaona m'kati mwa database. Anandipatsa sabata imodzi.

Pulogalamuyo

Ndi pulogalamu ya PHP yoyenda pa XAMPP (phukusi la mapulogalamu loyendetsera PHP ndi database pa kompyuta), pa kompyuta imodzi ya muofesi. Database imene imabwera ndi XAMPP masiku ano ndi MariaDB, koma zonse zimene ndifotokoze pano zimachitika chimodzimodzi pa MySQL. Anailemba ndi mnyamata wina amene anasamukira ku Lilongwe, ine ndinaitenga kumapeto kwa 2023. Mwezi ukatha, a manijala amadina batani lotseka mwezi, batanilo limaitana stored procedure (code yosungidwa m'kati mwa database momwemo), ndipo procedure imadutsa ngongole zonse zoyenera kulipiridwa mwezi umenewo imodziimodzi. Mtima wake unali uwu:

```
DECLARE CONTINUE HANDLER FOR NOT FOUND SET zatha = 1;
OPEN c;
WHILE zatha = 0 DO
  FETCH c INTO v_id, v_mtundu, v_gawo;

  SELECT peresenti INTO v_peresenti
  FROM mitundu
  WHERE id = v_mtundu AND ikugwira = 1;

  SELECT SUM(ndalama) INTO v_walipira
  FROM malipiro
  WHERE ngongole = v_id
    AND tsiku BETWEEN v_loyamba AND v_lomaliza;

  IF v_walipira < v_gawo THEN
    INSERT INTO zindapusa (ngongole, mwezi, ndalama)
    VALUES (v_id, v_loyamba, v_gawo * v_peresenti / 100);
  END IF;
END WHILE;
CLOSE c;
```

Ukaiwerenga koyamba imaoneka yoyera. Ine ndinali nditaiwerengapo kangapo osaona kanthu. M'mizere yochepa imeneyi munali zolakwika zinayi, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chinkatulutsa uthenga wofiira pa sikirini. Mwezi uliwonse tsamba linkalemba kuti mwezi watsekedwa bwino.

Ndisanakhudze chilichonse ndinatenga kope la database yonse ndi mysqldump, n'kuliika pa fulashi ziwiri, imodzi n'kusiyira a manijala. Ntchito yonse yofufuza ndinaichitira pa laputopu yanga kunyumba ku Luwinga. Pa kompyuta ya muofesi sindinasinthe ngakhale chilembo chimodzi mpaka tsiku lomaliza.

Tsiku la 31

Nkhani ya mayi a ku Chibavi sinachedwe. Ndinatsegula tebulo la malipiro ndipo mizere yawo iwiri inalimo. Wachiwiri unali ndi nthawi ya 2024-07-31 15:42:10. Apa ndinadziwa kuti mtsikana wa pa kauntala analemba ndalamazo tsiku lomwelo, mphindi yomweyo imene anazilandira.

Vuto linali pa BETWEEN. Danga la tsiku ndi la mtundu wa DATETIME, limasunga tsiku pamodzi ndi ola, pamene v_lomaliza inali tsiku lokha, 2024-07-31. Database ikamayerekeza ziwirizi imatenga tsiku lopanda olalo ngati 2024-07-31 00:00:00, ndiye kuti pakati pa usiku pamene tsiku la 31 likungoyamba kumene. Ndalama iliyonse yolandiridwa ofesi itatsegulidwa pa tsiku lomaliza la mwezi inkagwera kunja kwa mpanda. Sinkawerengedwa mu Julayi, ndipo mu Ogasiti sinkawerengedwanso chifukwa Ogasiti amayamba pa 1. Mu akaunti ya munthu ndalamayo inkaoneka bwinobwino, koma kwa procedure yowerengera chindapusa inali ngati kulibe.

Mankhwala ake ndi kusiya BETWEEN n'kulemba kuti tsiku likhale lofanana kapena loposa tsiku loyamba la mwezi, komanso lochepera tsiku loyamba la mwezi wotsatira. Ena amangowonjezera 23:59:59 kumapeto. Ine njira imeneyo sindiikonda, chifukwa tsiku lina wina adzasintha dangalo kuti lizisunga tizigawo ta sekondi, mpata udzatsegukanso.

Ndikanatha kuimira pomwepa, kuimbira a manijala n'kunena kuti ndapeza. Chimene chinandiletsa ndi funso limodzi. Aliyense wogwira ntchito ndi ngongole amadziwa kuti tsiku lomaliza la mwezi ndi limene mzere umafika panja. Aphunzitsi, alonda, ogwira ntchito m'mashopu, onse amadikira malipiro awo kaye. Ngati ndalama zonse za tsiku lomaliza zinkasowa mwezi uliwonse kwa chaka ndi theka, bwenzi ofesi itadzaza ndi anthu odandaula. Nanga bwanji anabwera mayi mmodzi yekha?

Amene sanalipire kanthu

Ndinasankha munthu wina amene analipira gawo lake lonse pa 31 Julayi, n'kuyendetsa SELECT SUM ija pamanja. Ndinkayembekezera 0. Yankho linabwera NULL.

SUM ikapanda kupeza mzere uliwonse siibweza 0, imabweza NULL. Ndipo NULL si nambala, tanthauzo lake ndi lakuti sizikudziwika. Ukafunsa database ngati NULL ndi yochepera 40,000, siyankha kuti inde, siyankhanso kuti ayi, imayankha NULL. IF imalowa m'kati pokhapokha yankho likakhala loona. Ndiye kuti munthu aliyense amene procedure inamuona kuti alibe malipiro m'mwezi umenewo ankadutsa wopanda chindapusa.

Tangoganizani tanthauzo lake kwa anthu. Munthu amene wavutika n'kubweretsa theka la gawo lake ankalangidwa. Munthu amene sanaponde n'komwe pa ofesi mwezi wonse ankapita mfulu. Izi zinandiwawa kuposa zina zonse zimene ndinapeza, chifukwa pulogalamuyi inkachita zosemphana kotheratu ndi malamulo amene mamembala anagwirizana.

Ndiponso apa ndi pamene panali yankho la funso langa lija. Olipira zonse pa tsiku lomaliza ankatayidwa ndi BETWEEN, SUM yawo n'kukhala NULL, NULL n'kuwapulumutsa. Cholakwika china chinkaphimba chinzake. Okhawo amene ankagwidwa ndi anthu ngati mayi a ku Chibavi, olipira pang'ono pakati pa mwezi n'kudzamaliza pa tsiku lomaliza. Kwa iwo SUM inkapeza K15,000 yeniyeni, yochepera K40,000, chindapusa n'kulembedwa.

Ndikanayamba kuona NULL ndisanaone BETWEEN, n'kuikonza yokha ndi COALESCE (imene ikanasintha NULL kukhala 0), kumayambiriro kwa Seputembala aphunzitsi onse ndi alonda onse akanalandira chindapusa tsiku limodzi. N'chifukwa chake ndinaganiza kuti ndisakonze chilichonse pa kompyuta ya muofesi kufikira nditamvetsa procedure yonse.

Kuwerenga zolowa ndi zotuluka

Zolakwika ziwirizi zinalipo kuyambira tsiku limene pulogalamu inalembedwa. Sizikanatha kufotokoza chifukwa chimene zindapusa zinatsikira mwadzidzidzi mu Epulo. Chinachake chinasintha m'mwezi umenewo.

MySQL ndi MariaDB zilibe chida chawochawo choimitsira procedure pakati kuti uone mzere ndi mzere. Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi yachikale: ndinapanga tebulo lina lotchedwa mapazi, ndipo m'kati mwa loop ndinaika INSERT yolemba v_id, v_mtundu, v_peresenti, v_walipira ndi zatha pa ulendo uliwonse. Kenako ndinatsekanso Julayi pa kope langa.

Funso la cursor (c ya mu code ija, imene imapereka ngongole imodziimodzi ku loop) palokha, nditaliyendetsa ndi COUNT, linapereka ngongole 412. Mu tebulo la mapazi munali mizere 137.

Ngongole 275 sizinayang'anidwe n'komwe. Loop inkafika pa ngongole ya nambala 137 n'kutuluka mwakachetechete ngati yamaliza ntchito. Pa mzere womalizawo zatha inali 1, ndipo mtundu wa ngongoleyo unali wa feteleza. Nditaona mawu akuti feteleza mtima unagunda, chifukwa ndinakumbukira zimene ndinachita ndekha mu Malichi.

Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa feteleza unakwera ndipo komiti inagwirizana zosiya kupereka ngongole za mtundu umenewu. A manijala anandipempha kuti mtunduwo usamaonekenso pa fomu yofunsira ngongole yatsopano. Ndinawonjezera danga la ikugwira pa tebulo la mitundu, feteleza n'kumuika 0. Kenako ndinasaka paliponse pamene code imawerenga tebulo la mitundu n'kuwonjezera AND ikugwira = 1, kuphatikizapo mu procedure yotseka mwezi. Ndinayesa fomu, feteleza sanaonekenso, ndinapita kunyumba. Kutseka mwezi sindinayese. Sindinaganize zoti ngongole za feteleza zimene zinaperekedwa kale zinali zikubwezedwabe. Mawu amenewo ndinawalemba ndi ine, ndipo ndi amene anachititsa kuti mtsikana wa pa kauntala akhale miyezi iwiri akuyang'anidwa ndi diso lokayikira.

Mmene zimachitikira ndi motere, ndipo ndikupempha aliyense wolemba cursor amvetsetse bwino. Handler ya NOT FOUND timaiika kuti itiuze FETCH ikafika kumapeto. Koma handler siidziwa kuti ife tikuganiza za FETCH yokha. Imagwira chilichonse chokhala ndi SQLSTATE yoyamba ndi 02 m'chigawo chonse chimene yalengezedwa. SELECT ... INTO ikapanda kupeza mzere imatulutsa chenjezo nambala 1329, SQLSTATE 02000, lomwe ndi lomwelo limene FETCH imatulutsa cursor ikatha. Handler imalilandira, imaika zatha kukhala 1, WHILE ikayang'ana imaona kuti ntchito yatha. Popeza chenjezolo lagwidwa kale, PHP siimva kanthu, ndipo tsamba limalemba kuti zonse zili bwino.

Mwina wina afunsa kuti bwanji SELECT SUM ... INTO ija sinkachita zomwezo. Chifukwa chake n'chakuti SUM yopanda GROUP BY imabweza mzere umodzi nthawi zonse, ngakhale mzerewo uli ndi NULL. Mzere ulipo, ndiye NOT FOUND siichitika.

Panalinso kachilonda kena pomwepo. SELECT ... INTO ikalephera kupeza mzere, variable siikhala NULL, imatsala ndi zimene inali nazo. Ndiye ngongole ya feteleza imene loop inkaferapo inkawerengeredwa ndi peresenti ya munthu amene anali patsogolo pake. Chindapusa cha feteleza chinali 3 peresenti, cha bizinesi 5 peresenti. Miyezi iwiri mwa inayi ya kuyambira mu Epulo, mwini ngongoleyo analipitsidwa 5.

Chimene chinabwerera nditakonza

Pa kope langa ndinachotsa AND ikugwira = 1 n'kuyendetsanso. Ndinkayembekezera mizere 412. Inabwera 413, ndipo iwiri yomaliza inali ya ngongole imodzi.

Ichi ndi cholakwika chodziwika kwambiri cha cursor. FETCH ikafika kumapeto, handler imaika zatha kukhala 1, koma ndi CONTINUE handler, choncho ntchito imapitirira pa mzere wotsatira. Ma variable amakhala akadali ndi ngongole yomaliza ija. Thupi lonse la loop limayendanso kamodzi ndi munthu yemweyo WHILE isanapeze mpata woyang'ana zatha. Ngati munthuyo anali ndi chindapusa, chinkalembedwa kawiri.

Nditawafunsa a manijala, anakumbukira. Anati chaka chatha kunkabwera anthu apo ndi apo odandaula za chindapusa chowirikiza, mwezi uno uyu, mwezi wina palibe, kenako wina. Ankangochotsa pamanja kwa amene wadandaula, ndipo kuyambira mu Epulo vutolo linasiya lokha. Silinasiye. Loop sinkafikanso kumapeto kumene vutolo linkakhala. Linkaonekanso ngati lopanda dongosolo chifukwa ngongole yomaliza pa mndandanda imasintha mwezi uliwonse, ndipo mwini wake amawirikiziridwa pokhapokha ngati walipira mopereweza.

Kukonza

Ndisanalembe code yatsopano ndinapanga database yaing'ono ya ngongole zisanu ndi ziwiri zokha: wolipira zonse pakati pa mwezi, wosalipira kanthu, wolipira theka, wolipira ngati mayi a ku Chibavi, wolipira zonse pa tsiku lomaliza masana, wa feteleza pakati pa mndandanda, ndi wopereweza amene ali kumapeto kwenikweni. Yankho la aliyense ndinalilemba papepala ndi bolopeni ndisanayendetse kanthu, ndipo a manijala analiona n'kuvomereza kuti ndi mmene malamulo a bungwe amanenera. Procedure yakale inakhoza atatu okha mwa asanu ndi awiriwo, ndipo mmodzi mwa atatuwo, wolipira zonse pa tsiku lomaliza, inamukhoza mwangozi.

Yatsopano inakhala motere:

```
SET v_mwezi_wamawa = DATE_ADD(v_loyamba, INTERVAL 1 MONTH);
START TRANSACTION;
OPEN c;
zungulira: LOOP
  FETCH c INTO v_id, v_mtundu, v_gawo;
  IF zatha = 1 THEN
    LEAVE zungulira;
  END IF;

  SET v_peresenti =
    (SELECT peresenti FROM mitundu WHERE id = v_mtundu);
  IF v_peresenti IS NULL THEN
    SIGNAL SQLSTATE '45000'
    SET MESSAGE_TEXT = 'Mtundu wa ngongole sunapezeke';
  END IF;

  SET v_walipira =
    (SELECT COALESCE(SUM(ndalama), 0) FROM malipiro
     WHERE ngongole = v_id
       AND tsiku >= v_loyamba
       AND tsiku < v_mwezi_wamawa);

  IF v_walipira < v_gawo THEN
    INSERT INTO zindapusa (ngongole, mwezi, ndalama)
    VALUES (v_id, v_loyamba, v_gawo * v_peresenti / 100);
  END IF;

  SET v_zaonedwa = v_zaonedwa + 1;
END LOOP;
CLOSE c;
```

Zatha ikuyang'anidwa pompopompo FETCH ikangotha, thupi la loop lisanayambe. M'malo mwa SELECT ... INTO ndagwiritsa ntchito SET ndi funso la m'kati, chifukwa limenelo likapanda kupeza mzere limangobweza NULL osadzutsa handler, ndipo NULL imeneyo ndikuigwira ndekha ndi IS NULL. Mtundu ukasowa, procedure ikufuula ndi SIGNAL, handler ina ya SQLEXCEPTION ikuchita ROLLBACK (kufafaniza zonse zimene procedure yalemba pa ulendowo) n'kubwezanso uthengawo ku PHP ndi RESIGNAL. Ndinaonetsetsa kaye kuti matebulo onse ndi a InnoDB, popeza pa MyISAM ROLLBACK siibweza kanthu. Transaction imeneyi imathandizanso magetsi akazima pakati pa ntchito: mwezi umatsekedwa wonse kapena sutsekedwa n'komwe.

Mzere umene ndimauona kuti ndi wofunika kuposa yonse ndi wa v_zaonedwa. Loop isanayambe, procedure imawerenga ndi COUNT ngongole zimene zikuyenera kudutsa. Loop ikatha imayerekeza ndi v_zaonedwa, ndipo zikasiyana siichita COMMIT. Manambala awiriwa tsopano amaonekanso pa tsamba limene a manijala amaona akatseka mwezi. Safunika kudziwa SQL kuti aone kuti 412 ndi 137 si nambala imodzi. Kukanakhala kamzere kameneka mu Epulo, nkhani yonseyi ikanatha tsiku limodzi.

Pa tebulo la zindapusa ndinaikaponso UNIQUE pa madanga a ngongole ndi mwezi pamodzi, kuti ngakhale code italakwanso, kapena munthu atadina batani kawiri, database ikane yokha ndi error 1062.

Kuti nditsimikize, ndinalemba funso limodzi lopanda loop lochita ntchito yomweyo:

```
SELECT n.id, n.gawo,
       COALESCE(SUM(m.ndalama), 0) AS walipira
FROM ngongole n
LEFT JOIN malipiro m
  ON m.ngongole = n.id
 AND m.tsiku >= '2024-07-01'
 AND m.tsiku < '2024-08-01'
WHERE n.ikubwezedwa = 1
GROUP BY n.id, n.gawo
HAVING walipira < n.gawo;
```

Onani kuti malire a masiku ali pa ON. Mukawatsitsira pa WHERE, anthu osalipira kanthu adzasowanso, chifukwa m.tsiku yawo ndi NULL ndipo WHERE imataya mzere uliwonse umene yankho lake si loona. Mndandanda wa funsoli unafanana ndi wa procedure yatsopano, munthu ndi munthu. Ndinayesanso Febuluwale 2024 wa masiku 29 ndi Disembala 2023 wolowera chaka china, zonse zinagwirizana. Kunena zoona, ntchito imeneyi sinkafunika cursor kuyambira pachiyambi, INSERT ... SELECT imodzi ikanakwanira. Ndasiya loop pakadali pano chifukwa komiti ikukambirana zoti anthu oferedwa ndi odwala azikhululukidwa, ndipo ndikufuna ndione kaye mmene lamulolo lidzakhalire.

Ndalama za anthu

Kukonza code kunatenga masiku atatu. Kukonza zimene code inawononga kunatenga nthawi yoposa pamenepo. Ndinayendetsa funso lopanda loop lija pa mwezi uliwonse kuyambira pamene pulogalamu inayamba kugwira ntchito, n'kuyerekeza ndi zimene zinali mu tebulo la zindapusa. Zindapusa 31 zinalembedwa molakwa chifukwa cha tsiku lomaliza. Zisanu zowirikiza zinali zikadalimo, za anthu amene sanabwere kudzadandaula. Ziwiri zinali za peresenti yolakwika. Mwa anthu onsewa, amene anabwera ndi kabuku n'kukhala pa benchi mpaka atamvedwa ndi mayi mmodzi uja. Ena onse analipira, poganiza kuti kompyuta siinama.

Sindinafufute mzere uliwonse ndi DELETE n'kungousiya. Zindapusa zolakwikazo ndinazisamutsira ku tebulo lina pamodzi ndi chifukwa chake ndi tsiku, ndipo ndalama yobwezedwa inalembedwa mu akaunti ya munthu aliyense ngati mzere watsopano, kuti wofufuza mabuku akadzabwera adzaone chiyambi ndi mapeto. UNIQUE ija inalola kuikidwa zowirikizazo zitachoka.

Lachisanu pa 16 Ogasiti ndinaima pamaso pa komiti. Sindinawaonetse code. Ndinatenga makadi khumi a ngongole n'kuwaika pa tebulo, wachinayi n'kumuika chizindikiro cha feteleza, n'kuonetsa mmene pulogalamu inkawerengera anayi oyamba n'kusiya asanu ndi mmodzi osawatembenuza. Ndinawauza kuti chosintha cha mu Malichi ndinachita ndine, ndipo kuti malisiti onse amene ndinayerekeza ndi database, a miyezi inayi yonse, anagwirizana ndi zimene mtsikana wa pa kauntala analemba, tsiku ndi ola lomwe. A wapampando anamuitanitsa m'chipindamo n'kumupepesa pamaso pa onse. Ndinapempha kuti mawu amenewo alembedwe m'maminitsi, ndipo a mlembi analemba.

Mkangano unali pa zindapusa zimene sizinalembedwe. A msungichuma ankafuna kuti onse amene anapulumuka alipitsidwe kubwerera m'mbuyo, popeza ndalamazo ndi za mamembala onse. Mfundo yawo inali yomveka. Ine atandifunsa ndinati mndandanda ndikhoza kuutulutsa tsiku lomwelo, koma sindikuona chilungamo pouza munthu mu Ogasiti kuti ali ndi zindapusa za miyezi khumi ndi isanu zimene ofesi yomweyi inamuuza kuti alibe. Komiti inagwirizana zobweza ndalama kwa onse olipitsidwa molakwa, kusiya zakale, ndi kupachika chidziwitso pa chitseko chakuti kuyambira Ogasiti wosalipira kanthu naye azilandira chindapusa.

Mayi a ku Chibavi anabwera sabata yotsatira. Anasankha kuti K2,000 yawo ipite ku ndalama zimene amasunga, ndipo mtsikana yemwe uja ndi amene anawalembera m'kabuku.

Ogasiti tinamutseka Lolemba pa 2 Seputembala ndili pomwepo. Tsamba linaonetsa ngongole 405 zoyembekezeredwa ndi 405 zoonedwa. Pa anthu amene analandira chindapusa tinasankha khumi mwachisawawa n'kuyerekeza ndi makadi awo, onse anali oyenera. Odandaula anabwera ndithu, makamaka amene anazolowera kudumpha mwezi popanda chowachitikira, koma a manijala anali ndi chidziwitso cha pa chitseko chowaonetsa.

Chatsala chimodzi chimene sindinachitseke. Mamembala ena amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba madzulo a tsiku lomaliza ofesi itatsekedwa kale. Mtsikana amazilemba m'mawa mwake, ndipo pulogalamu imaika nthawi ya pa kompyuta, imene ikhala ili kale m'mwezi watsopano. Kale anthu otere ankabisala kumbuyo kwa NULL, tsopano aonekera, ndipo mu Ogasiti analipo atatu amene a manijala anawachotsera chindapusa ataona uthenga wa pa foni. Ndawonjezera danga lachiwiri losunga nthawi imene munthu anatumiza ndalama, kusiyana ndi nthawi imene zinalembedwa, koma procedure sinayambe kuligwiritsa ntchito. Komiti iyenera kunena kaye kuti ndani ali ndi chilolezo cholemba tsiku la m'mbuyo ndipo umboni wake uzisungidwa bwanji. Nkhaniyi inaikidwa pa mndandanda wa msonkhano wa mu Okutobala 2024.